Chigwiriro ndi Chimake cha Mpeni

Nkhani ya lero ndi ya mpeni, koma si ya chitsulo chake ayi. Ndi ya mtengo ndi chikopa zimene zimaveka chitsulocho kuti munthu athe kuchigwira ndi kuyenda nacho. Wosula akatsiriza ntchito yake pa chipala, chimene amatulutsa ndi chitsulo chathyathyathya chokhala ndi mchira wosongoka kumbuyo kwake, ndipo mchira umenewu ndiwo msuka, wofanana ndi uja wa khasu ndi wa nkhwangwa. Chitsulo chotere sichinafike pokhala mpeni. Munthu sangasende nacho mbuzi, sangasale nacho nsungwi za lichero, ndipo akachiponya m'thumba chidzamlasa asanafike kumene akupita. Chimayamba kutchedwa mpeni pamene chalandira chigwiriro ndi chimake, ndipo zinthu ziwirizi zili ndi umisiri wakewake umene suchepera kwa uja wa pa chipala.

Kusula ndi ntchito yakale kwambiri m'maiko a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja akukumba miyala ya chitsulo m'mapiri, akuiyenga m'ng'anjo zawo, ndi kusula nkhwangwa, mikondo, mivi ndi singano. Ndipo mabwinja a ng'anjo zakale akuonekabe ku Kasungu ndi kumapiri a Nyika. Ng'anjozo zinazima pamene zitsulo za m'sitolo zinachuluka. Mipeni yopinda ya Okapi, imene inayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany m'chaka cha 1902, ndipo ntchito yoipanga inasamukira ku South Africa mu 1988, inafala m'matumba a amuna ambiri. Koma chipala chokha sichinazime. Osula a masiku ano amatenga masipuling'i a galimoto zakutha ndi matupa opanda mano, nasula nazo mipeni yolimba, ndipo mipeni imeneyi imatuluka yosavala monga inkatulukira kale. Ndiponso m'makomo ambiri muli mpeni wa m'sitolo umene chigwiriro chake chinagwa kalekale, mwini wake nangoukulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Mphira umaterera dzanja likanyowa ndi magazi kapena mafuta, ndipo zala zikatsetserekera kukuthwa, chilonda chake sichikhala chaching'ono.

Amisiri akale analibe misomali yopota ngakhale guluu wa m'botolo, komabe mipeni yawo inkakhala zaka zambiri yosagwedera. Nzeru yawo yonse inagona pa chinthu chimodzi, ndicho kudziwa chimene madzi amachita akamachoka m'mtengo ndi m'chikopa. Mtengo umatupa ukamwa madzi, ndipo umaphwa ukauma. Chikopa chachiwisi nacho chimatambasuka chikanyowa, ndipo chikamauma chimakokana ndi kuthina mwamphamvu. Tsono mmisiri amafuna kuti mtengo ukhale utamaliza kuphwa kwake asanaukhudze, koma chikopa chikhale chisanayambe n'komwe. Akasinthanitsa ziwirizi, natenga mtengo wauwisi ndi chikopa chouma, mpeni udzaoneka wokongola tsiku loyamba, koma pofika m'chilimwe chigwiriro chidzang'aluka ndipo chomangira chidzavuka chokha.

Ntchito imayambira kuthengo. Chigwiriro chimafuna mtengo wolimba, wa minyewa yothinana, wosafumbwa msanga. Naphini ndi wodziwika kwa onse osema mipini, pakuti ndi wolimba. Muwanga ndi wouma gwa ndipo chiswe chimauopa. Anthu a kuchigwa cha Shire, cha Luangwa ndi cha Zambezi ali ndi tsanya, umene anzawo amautcha mopane, mtengo wolemera umene umabunthitsa nsompho. Wokongola koposa ndi mtengo wa phingo, woyera kunja ndi wakuda bii mkati, wolemera kotero kuti mtima wake umamira m'madzi. Ndiwo umene amisiri a ku Ulaya amapangira zitoliro za mtengo wapatali. Koma phingo si wa wophunzira, chifukwa mtengowu suvomera kukakamizidwa: msuka ukathina pang'ono chabe, umasweka m'malo mopatuka. Woyamba kumene ntchitoyi achita bwino kugwira mlombwa, umene ku Zambia ndi ku Zimbabwe umatchedwa mukwa, mtengo uja umene umatuluka madzi ofiira ngati magazi ukatemedwa. Mlombwa umasemeka mosavuta, suphwa kwambiri pouma, ndipo supindika.

Mitengo imeneyi yachepa m'madera ambiri. Kuyambira m'chaka cha 2017 malonda a phingo pakati pa maiko ali pansi pa pangano la CITES, loteteza zomera ndi nyama zimene zingathe kutha, ndipo mu 2022 maiko anagwirizana kuikamo mlombwa ndi abale ake a mu Africa. Koma chigwiriro cha mpeni sichifuna kugwetsa mtengo. Nthambi yogwa ndi mphepo, chitsa cha m'munda, kapena chidutswa chimene kalipentala wataya, zimakwanira zigwiriro zingapo. Ndipo kunena zoona, chidutswa cha kwa kalipentala chimaposa zonse, popeza chinauma kale.

Wodula nthambi yaiwisi amaidula m'nyengo yachisanu, mvula itatha, naiwaza pakati ndi nkhwangwa. Kuwaza kuli ndi zifukwa ziwiri. Choyamba, mtengo wowazidwa umatsata minyewa yake, motero chidutswa chimene chatuluka chimakhala cha minyewa yoongoka kuchokera kumutu kufika kumapeto. Sowo amadula minyewa mopingasa osaiona, ndipo chigwiriro chotero chimathyoka pa ntchito yolemera. Chachiwiri, ming'alu yambiri ya mtengo wouma imayambira pakati penipeni pa nthambi. Ambiri amanyengedwa ndi kanthambi kozungulira kale, kokhala ndi kabowo kofewa pakati, poganiza kuti msuka udzalowa mosavuta. Udzalowadi, koma kanthambiko kadzang'aluka potsata kabowo komweko. Mmisiri wodziwa amataya pakatipo, amasenda mnofu woyera wa kunja umene afumbwe amaukonda, nasunga mtima wokha.

Zidutswazo amazisomeka kudenga la nyumba yophikira, pamwamba pa moto, kumene utsi umaziumitsa pang'onopang'ono ndi kupirikitsa tizilombo. Padzuwa saziika, pakuti dzuwa limaumitsa kunja msanga mkati mudakali monyowa, ndipo mtengo umang'ambika. Kudengako zimakhala miyezi ingapo, zina mpaka chaka. Apa mpamene ambiri amalepherera, chifukwa chitsulo chili kale m'manja ndipo mtima ukufulumira. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Chidutswa chouma chimapepuka m'dzanja, ndipo akachigogoda ndi chinzake chimalira mokweza ngati mbale ya mangolongondo, pamene chachiwisi chimangoti phu.

Bowo la msuka limabooledwa chigwiriro chisanasemedwe, mtengo udakali wonenepa ndi wamphamvu. Ichi n'chofunika, chifukwa bowo likakhota pang'ono, mmisiri angathe kusema mtengo motsata mpeni, koma akayamba wasema, sangakonzenso. Amayamba ndi kachitsulo kowonda kootcha pamoto, naboola nako kanjira kolunjika. Kenaka amaotcha nsonga ya msuka womwewo kufikira itafiira, naikankhira m'kanjirako. Utsi umafuka, msuka umalowa pang'ono, ndipo amauzula, nauotchanso, kawiri kapena katatu. Motero bowo limatenga maonekedwe a msuka weniweniwo, chinthu chimene chida china chilichonse sichingachite.

Pa ntchito yootchayi pali ngozi ziwiri. Yoyamba ndi ya chitsulo. Osula akale ambiri ankalimbitsa mpeni ndi nyundo, koma mpeni wa sipuling'i umalimbitsidwa pouviika m'madzi kapena m'mafuta uli wofiira, ndipo kulimba kumeneku kumatha ngati moto waufikanso. Chizindikiro chake ndi mtundu: chitsulo chowala chikamatentha chimayamba kuoneka ngati udzu wouma, kenaka chofiirira, kenaka chamtambo, ndipo pofika chamtambo kutentha kwafika pafupi ndi madigiri 300, kukuthwa kwafewa, ndipo mpeni sudzasunganso kunoledwa. Chifukwa chake mmisiri amakulunga mpeni ndi nsanza yonyowa, kapena amausomeka m'dothi lonyowa, kuti msuka wokha ndiwo ulawe moto. Ngozi yachiwiri ndi ya mtengo. Msuka wamoto ukalowa mpaka kumapeto, bowo lonse limakhala makala, ndipo makala amanyenyeka. Pakapita masabata owerengeka mpeni umayamba kugwedera ngati dzino la mwana. Tsono mmisiri amaleka kuotcha patatsala danga lokwana chala chimodzi kuti chitsulo chifike pamalo pake. Amapala makala onse m'bowomo, nadikira kuti zonse zizizire. Kenaka amadontheza phula la njuchi losakaniza ndi utomoni, amalowetsa msuka, nagwira chigwiriro mpeni utaloza kumwamba, n'kumenya tsinde la chigwirirocho pa chipika. Mtengo ukaima mwadzidzidzi pa chipikapo, chitsulo chimapitirira ndi kulemera kwake, ndipo msuka umadziboolera danga lotsalalo m'mtengo wamoyo umene moto sunaufike. Danga laling'ono limeneli ndilo limagwira mpeni kwa zaka zonse. Phula si guluu. Ntchito yake ndi kutseka mipata kuti madzi ndi magazi asalowe ndi kudyetsa msuka dzimbiri.

Pamenepo kusema kungayambe, poyamba ndi nsompho, kenaka ndi mpeni wina wakuthwa. Muyeso wake ndi dzanja la mwini mpeni: kutalika kwa chigwiriro kupose pang'ono kufupika kwa chikhatho chofumbata, ndiko kunena mainchesi 4 kapena 5 kwa munthu wamkulu. Chigwiriro chozungulira ngati ndodo n'chosavuta kusema, koma n'choipa, pakuti chimatembenuka m'dzanja, ndipo munthu wosenda nyama usiku sangadziwe kumene kukuthwa kwaloza. Choyenera ndi chophwatalala pang'ono ngati dzira, chowonda m'chiuno, ndi chotambasuka kumapeto onse awiri, kuti kutsogolo chitchinge zala ndipo kumbuyo chisapulumuke pokoka. Akatha kusema amapala ndi phale la botolo, nasalaza ndi masamba okakala a mtundu wina wa mkuyu umene umamera m'mbali mwa mitsinje, kapena ndi mchenga wosalala pa kachikopa. Ena amasalaza mpaka chigwiriro chitawala ngati galasi. Pa mpeni wongosunga zimenezo zilibe kanthu, koma mpeni wa ntchito umafuna kuti dzanja lipeze pogwira.

Pakamwa pa chigwiriro, pamene chitsulo chimalowera, ndipo pofooka, ndipo apa mpamene chikopa chimagwira ntchito yake. Chomangira chabwino koposa ndi chikopa cha mchira wa ng'ombe, chosendedwa chathunthu ngati sokosi, chopanda msoko. Mmisiri amachiviika m'madzi usiku wonse, amadula kachigawo kake, nakaveka pakamwapo kadakali kofewa. Pouma kamathina mofanana mbali zonse, ndipo kamauma gwa ngati nyanga, kotero kuti palibe angakavule koma kukadula. Njira imeneyi imaoneka bwino pa mikondo ya Azulu, pamene chitsulo chimakumana ndi mtengo. Posowa mchira, lamba wowonda wa chikopa chachiwisi kapena mtsempha wa kumsana kwa ng'ombe, wokulungidwa wonyowa ndi kubisa nsonga zake pansi pa mikombero, umachita chimodzimodzi. Luzi la mombo limamanga bwino denga ndi nkhokwe, koma pa mpeni silikhalitsa.

Chimake nacho chili ndi malamulo ake, ndipo loyamba limatsutsana ndi la chigwiriro: pano pamafunika mtengo wofewerapo ndi wopepuka, woti kukuthwa kukaukhudza mtengo ndiwo ugonje. Mmisiri amatenga chidutswa chimodzi chouma, chotalika kuposa mpeni pang'ono, nachiwaza pakati kuti patuluke mbali ziwiri zimene zidzakumananso bwinobwino, popeza zinali thupi limodzi. Amagoneka mpeni pa mbali iliyonse, amalemba mozungulira ndi khala, nakumba mkati mwa mzerewo. Wochenjera sakumba mbali ziwirizo mofanana. Pa mpeni wakuthwa kumodzi, amazamitsa mbali imodzi kumene kukuthwa kudzagona, kuti kukuthwako kuyende m'mtengo, osati pa msoko. Kukalunjika pa msoko, tsiku lililonse mpeni polowa umapatula mbali ziwirizo pang'onopang'ono ndi kucheka zomangira, ndipo tsiku lina munthu akadzagwa kapena kukhala pansi mofulumira, nsonga idzatulukira m'ntchafu mwake.

Poyesa ngati wakumba mokwanira, amadetsa mpeni ndi mwaye wa kunsi kwa mphika, amaphatikiza mbali ziwirizo m'dzanja, nalowetsa mpeni ndi kuusolola. Pamene mwaye watsalira m'mtengo ndi pamene pakuthina, ndipo amapala pomwepo pokha, nayesanso, kangapo konse. Chimene akufuna n'chakuti mpeni uyende momasuka m'kati monse, koma ugwidwe pakamwa pa chimake, pamene chitsulo n'chochindikala pafupi ndi chigwiriro. Chimake chothina ponseponse chimakana kutulutsa mpeni m'dzinja mtengo ukatupa, ndipo chotakasuka ponseponse chimautaya m'tchire mwini wake osamva. Kunsi amasiya kabowo kakang'ono kotulukira madzi ndi fumbi. Mkati sagwiritsa mchenga posalaza, chifukwa kamchenga kamodzi kakakanirira m'mtengo kamakanda ndi kubunthitsa mpeni masiku onse.

Akakhutira, amasema kunja kuti chimake chiwonde, nasiya kamphuno kotukuka chakumtunda, koboola, kopisamo chingwe. Amalemba timikwasa tozungulira m'malo atatu kapena anayi, pakamwa, pakati ndi kunsi, kuti zomangira zikhale m'menemo osatsetsereka, namanga ndi chikopa chonyowa monga anachitira pa chigwiriro. Ena amaveka chimake chonse chikopa cha mchira. Zikatero amachisiya pamthunzi masiku awiri kapena atatu, mpeni uli m'kati koma wodzozedwa mafuta ambiri, kuti chikopa pothina chisatseke njira yake.

Omvera a ku Zimbabwe akudziwa kumene umisiri umenewu unafika pachimake penipeni, ndiko pa bakatwa wa Ashona. Mpeni wa tsiku ndi tsiku iwo amautcha banga, koma bakatwa ndi mpeni wamkulu wakuthwa konsekonse, umene umasungidwa m'banja ndi kupatsidwa kuchokera kwa atate kufika kwa mwana, ndipo umatulutsidwa pa miyambo ya mizimu ya makolo. Chimake cha bakatwa ndi mbali ziwiri za mtengo monga zafotokozedwa, zozokotedwa mizere ndi timakona, koma zomangira zake kawirikawiri ndi waya wa mkuwa wolukidwa mothinana kotero kuti amaoneka ngati nsalu. Waya sathina pouma monga chikopa. Mphamvu yake imachokera m'kukoka kwa dzanja la woluka, mkombero uliwonse, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi imadya masiku. Wayayo sanayambe ndi sitolo. Pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi kunsi kwa Kariba, anthu okumba maziko a thanki ya madzi m'chaka cha 1960 anapeza manda akale, ndipo m'mandamo munali mipiringidzo ya mkuwa, mikombero ya waya, mbaniro, ndi zitsulo zoboola zokokera waya. Mmisiri ankakoka kamtengo ka mkuwa kupyola m'bowo lalikulu, kenaka m'locheperapo, mpaka kuwonda monga afunira.

Pali chimake china cha chikopa chokhachokha, chimene abusa ndi alenje amachikonda chifukwa n'chopepuka ndipo sichigogoda poyenda. Chikopa cha ng'ombe chofufutidwa chimapindidwa pa mpeni ndi kusokedwa mbali imodzi ndi mtsempha kapena lamba wowonda. Chimene osoka ambiri amaiwala ndi kachingwe ka chikopa chochindikala koika pakati pa msoko, kuti kukuthwa kugunde kachingweko m'malo mwa ulusi. Chimake chopanda kachingwe kameneka sichikhalitsa. Koma ngakhale chosokedwa bwino chili ndi chilema chake: chikopa chimasunga chinyontho, ndipo mpeni wogonamo dzinja lonse umatuluka wofiira ndi dzimbiri. Pa chifukwa chimenechi chimake cha mtengo chimaposa, ndipo choposa zonse ndi cha mtengo m'kati ndi chikopa kunja. Zikopa za nyama za kuthengo ndi minyanga ya njovu, zimene mafumu ena akale ankakometsera mipeni yawo, zili pansi pa malamulo oteteza nyama m'maiko onse atatu, ndipo mmisiri alibe chifukwa chozifunira, pakuti ng'ombe ndi mbuzi zimapereka chikopa, mtsempha ndi nyanga zokwanira.

Zomangira zikauma, mmisiri amakometsa mtengo ngati afuna, polemba mizere ndi kachitsulo kamoto, nadzoza chigwiriro ndi chimake mafuta a nsatsi kapena phula lotenthetsa, kupaka ndi kupukuta kufikira mtengo utaleka kumwa. Ndipo amayesa ntchito yake. Amazondotsa chimake, nachigwedeza katatu pamwamba pa mchenga: mpeni suyenera kugwa, komabe uyenera kutuluka ndi dzanja limodzi chala chachikulu chikakankha pakamwa pa chimake. Kenaka amabaya nsonga m'chipika, napotoza chigwiriro uku ndi uku ali chete, khutu lili pafupi. Kakamveka kaphokoso kakang'ono ka kugwedera, msuka sunakhale bwino, ndipo n'kwabwino kuuzula tsiku lomwelo kusiyana ndi kudikira kuti udzazuke wokha pa ntchito.

Mpeni wotere sulongedwa m'chimake uli ndi magazi kapena madzi a chinangwa, ndipo susiyidwa m'mtsuko kapena padzuwa. Zikachitika kuti m'mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika pakeponse, chigwiriro chayamba kugwedera, anthu ambiri amachiviika m'madzi usiku monga achitira ndi nkhwangwa, ndipo m'mawa chimaoneka cholimba. Koma mtengo potupa umadzifinya pa chitsulo ndi kuphwanya minyewa yake ya m'kati, ndipo ukaumanso bowo limakhala lalikulu kuposa kale, msuka nawo utayamba dzimbiri. Choyenera ndi kudula chomangira, kuzula msuka, kuupala, kuika kampanje kowonda ka mtengo wouma m'bowomo pamodzi ndi phula, kukhomeranso pa chipika, ndi kuveka kachikopa kena konyowa pakamwa.